Funsani a ku Labotale: Kachipangizo Kamene Kamadetsa Madzi a Pampopi

Makalata a mwezi uno achuluka a madzi akumwa. Ine ntchito yanga ndi yoyeza madzi m'labotale, kutsuka mabotolo ndi kuwerenga manambala tsiku ndi tsiku, ndiye mafunsowa afika pakwawo. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo.

Funso: Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg. Kunabwera mnyamata wogulitsa makina osefera madzi. Anatunga madzi a pampopi m'tambula imodzi, ina n'kuthiramo a m'makina ake, kenako anaviika kachipangizo ka tizitsulo tinayi m'matambula onse awiri n'kulumikiza ku magetsi. Posakhalitsa madzi a pampopi anachita thovu, anabiriwira, kenako anafiira, pamwamba pakuyandama zonyansa. Ake aja anangosintha pang'ono. Anati zimenezo ndi zomwe timamwa. Abwana anga agula, ndipo ine ndikufuna ndisunge ndalama ndigulire amayi anga ku Mangochi. Ndichite? *Mayi wa ku Mangochi, wokhala ku Johannesburg*

Yankho: Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Zonyansa munaonazo sizinali m'madzi mwanu ayi. Zinatuluka m'tizitsulo ta mnyamatayo, inu mukuona.

Kachipangizoko ndimakadziwa. M'tambula iliyonse mumalowa tizitsulo tiwiri: kena ka ayironi, chitsulo chomwechi cha misomali, kena ka aluminiyamu. Magetsi akayamba kudutsa m'madzi kuchoka pa kena kupita pa kanzake, ka ayironi kaja kamadyeka n'kumasungunukira m'madzimo. Ayironi wongosungunuka kumene amaoneka wobiriwira modera, ndipo akakumana ndi okosijeni amafiira n'kukhala dzimbiri lomwe mumaliona pa malata akale. N'chifukwa chake mitunduyo inabwera motsatana choncho, kubiriwira poyamba, kufiira pambuyo. Thovu lija ndi mpweya wa haidrojeni wotuluka pa kachitsulo kachiwiri, ndipo ndi lomwe limanyamula dzimbirilo kupita nalo pamwamba. Mukadzakaonanso kachipangizoko muyang'anitsitse tizitsulo take. Ta ayironi timakhala tokumbikakumbika chifukwa nyumba iliyonse imene mnyamatayo walowa, wasiyako pang'ono.

Nanga ake aja analekeranji kusintha? Magetsi sadutsa bwino m'madzi opanda kanthu. Zomwe zimawanyamula ndi timichere tosungunuka monga kashiyamu, magineziyamu ndi sodiyamu, timene timapezeka m'madzi a pampopi, a pamjigo, ngakhalenso ambiri a m'botolo ogula m'sitolo. Makina akewo amachotsa pafupifupi timichere tonse, ndiye magetsi amadutsa ochepa, chitsulo sichidyeka, madzi amakhala mbee. Akadzabweranso mumupemphe mwaulemu kuti muthire kamchere ka kunsonga ya supuni m'madzi akewo, abwereze. Mudzaona madzi a makina odula akuda kuposa a pampopi. Koma chonde musakhudze madzi kapena tizitsulo kachipangizoko kali koyaka, chifukwa totchipa ta mtundu umenewu timatenga magetsi a pakhoma osawachepetsa mphamvu.

Anthu amenewa amayendanso ndi kena kooneka ngati cholembera, kolembedwa TDS, kamene akakaviika kamaonetsa nambala. Nakonso kamangoyeza mmene magetsi akudutsira m'madzi n'kuyerekeza kuchuluka kwa timichere. Kali ngati kondakitala wa minibasi: amawerenga mitu, koma sadziwa kuti wopisa m'thumba ndi uti. Mutakaviika m'madzi a Thanzi ORS, omwe amapulumutsa mwana wotsegula m'mimba, kangaonetse nambala yoopsa. Mutakaviika m'madzi a mvula momwe mwalowa tizilombo ta kolera, kangaonetse nambala yaing'ono yosangalatsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi a TDS yosapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo akadutsa 1,000 amayamba kuipa mkamwa. Imeneyo ndi nkhani ya kukoma, si ya matenda.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti dzimbiri lomwe mnyamatayo amaopsezera anthu, ena akuligwiritsa ntchito yoyeretsera madzi. Ku yunivesite ya California, Berkeley, gulu la Ashok Gadgil linakonza njira yotchedwa ECAR. Amaviika mapuleti a chitsulo m'madzi, amadutsitsa magetsi ochepa, dzimbiri likapangika limagwira poizoni wa arsenic, kenako amalisiya lidikhe n'kulisefa. Makina otere anaikidwa pa sukulu ya ku Dhapdhapi kufupi ndi Kolkata ku India, dera lomwe madzi a pansi pa nthaka ali ndi arsenic wochuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amakuuzani poyera kuti dzimbirilo likuchokera ku chitsulo.

Za amayi ku Mangochi, chimene chingawadwalitse msanga si timichere koma tizilombo, makamaka tolowa m'madzi atatungidwa kale: m'ndowa yosavindikira, m'kapu yomwe aliyense amapisa nayo. Makina ngati a abwana anuwo amafuna mpopi wothamanga, amataya madzi ambiri posefa, ndipo masefa ake amafunika kusintha pafupipafupi. Agulireni ndowa ya chivindikiro yokhala ndi kampopi, ndi klorini wothira m'madzi. Chenji chake mugulire feteleza.

Funso: Madzi akabwera atasowa, amatuluka oyera ngati mkaka. Anzanga akuti a madzi achulutsa mankhwala. Zoona? *Mtsikana wa ku Ndirande*

Yankho: Ayi achemwali, ndi mpweya umenewo. Madzi akasiya, m'mapaipi mumadzaza mpweya, ndipo akabwerera mwamphamvu amasakanikirana nawo n'kupanga tithovu ting'onoting'ono tosawerengeka. Tungani m'tambula yagalasi muyike patebulo. Akayamba kuyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kukhala mbee m'mphindi zochepa, ndi mpweya basi. Akakhala kuti akuyera kuchokera pamwamba ndipo pansi pakutsala zinthu, limenelo ndi dothi kapena zina zolowera m'paipi. Madzi oyamba kutuluka akakhala otero muchapire kapena kukolopera, ndipo zikapitirira mukawadziwitse a Water Board.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera m'boma la Machinga. M'buku timawerenga kuti magetsi akadutsa m'madzi a mchere pamatuluka klorini. Pasukulu pano tili ndi sola ndi batire, ndipo nthawi ya dzinja klorini amavuta kupeza. Kodi sitingapange tokha ndi misomali iwiri, mawaya ndi mchere wa pamsika, n'kumathira m'madzi akumwa a ophunzira? *Mphunzitsi, Machinga*

Yankho: Aphunzitsi, ndikumvetsa chimene chakuganizitsani zimenezi. Mliri wa kolera womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayambira m'boma lanulo mu Malichi 2022, mvula ya namondwe Ana itangosakaza. Buku lanulo silikunama. Koma misomali ayi.

Mukaika msomali ku waya wa pulasi, magetsi amasankha ntchito yosavuta: m'malo motulutsa klorini kuchokera mu mchere, amadya msomaliwo. Mudzangopeza dzimbiri lomwe ndafotokozera mayi a ku Johannesburg aja. Waya wa kopa nawo umasungunuka. Supuni yosachita dzimbiri ndiye yoipitsitsa, chifukwa imatulutsa chromium wa mtundu woopsa kwambiri m'thupi. Timitengo takuda ta kaboni ta m'kati mwa mabatire a tochi timatulutsadi klorini, ndipo potsimikizira ana a Fomu 3 kuti zimachitika, panja pa mphepo, n'tokwanira. Koma timanyenyeka, timabwera ndi zotsalira za m'batire, ndipo madzi ake si oti munthu amwe.

Makina enieni opangira klorini pamalo pomwepo alipo, ndipo chinsinsi chake chili pa chitsulo. Amagwiritsa ntchito titanium yokutidwa ndi zinthu monga ruthenium kapena iridium, zomwe sizidyeka. Chitsanzo ndi WATA, yokonzedwa ndi bungwe la Antenna la ku Geneva, imene imatha kuyendera sola. Mumasungunula magalamu 25 a mchere pa lita imodzi ya madzi oyera, makina amayenda maola angapo, ndipo mumapeza madzi a klorini wa magalamu 6 pa lita. Lita imodzi imeneyo imakwana kuthira m'malita pafupifupi 4,000 a madzi osavunduka, kutanthauza mamililita 5 pa chigubu cha malita 20. Ophunzira anu angathe kuchita masamu ake okha. Malamulo omwe Michael Faraday anapeza m'ma 1830 amasonyeza kuti ampere imodzi ikayenda kwa ola limodzi singatulutse klorini woposa magalamu 1.32, ndipo pamakina enieni amakhala wocheperapo. Auzeni awerengere kuti batire lanulo lingapange wochuluka bwanji.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazinyalanyaza. Ku chitsulo chinacho kumatuluka haidrojeni, mpweya wosanunkha umene umaphulika ukadzaza m'chipinda chotseka, ndiye ntchitoyi si ya m'chipinda chosungiramo mabuku mawindo ali otseka. Komanso klorini wopangidwa chonchi sachedwa kufooka. Opanga makinawo amalangiza kuti ngati sanathiridwe zomulimbitsa, agwiritsidwe ntchito pasanathe maola 24.

Ndipo kaya klorini mwapanga nokha, kaya ndi WaterGuard, kaya ndi HTH wosungunulidwa ndi alangizi a zaumoyo, funso limene ine ndimafunsa si lakuti "mwathira?" koma "watsalamo wochuluka bwanji?" Klorini akalowa m'madzi amayamba walimbana ndi matope, masamba owola ndi ayironi, n'kutherapo wambiri. Wotsalayo ndi amene amapha tizilombo n'kulondera madzi ali m'ndowa. WHO imati pakatha mphindi 30 pakhale patatsala mamiligalamu 0.5 pa lita, ndipo pofika kwa womwa asachepere 0.2. Madzi ovunduka amadya klorini wambiri, n'chifukwa chake amati muwadikhitse ndi kuwasefa kaye, kapena muthire kawiri muyezo wake.

Kuyeza kwake n'kosavuta, mwana wa sukulu angathe. Mumatenga mamililita 10 a madzi m'kabotolo, mumaponyamo kapilitsi ka DPD 1, mumakaphwanya n'kukhutchumula. Ngati muli klorini madziwo amasanduka a pinki, ndipo mumafanizira ndi timagalasi ta mitundu tomwe tili pambali, muli poyera osati m'chipinda cha mdima. Njirayi anaikonza Arthur Palin, katswiri woyeza madzi wa ku Newcastle ku England, mu 1957, ndipo mpaka lero ndi imene timadalira. Pali msampha umodzi umene umakola ongoyamba kumene: klorini akachulukitsitsa, pinki uja amangophethira kamodzi n'kuzimiririka, madzi n'kukhala mbee ngati mulibe kanthu. Munthu amawonjezera klorini poganiza kuti wachepa. Mukaona kuphethira kumeneko, sungunulani madziwo ndi ena opanda klorini muyezenso.

Langizo langa ndi lakuti mukambirane ndi ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu za klorini ndi timapilitsi ta DPD, ndipo kuyeza madzi a pasukulu m'mawa uliwonse kukhale ntchito ya kalabu ya sayansi, azilemba m'kope. Kope limenelo lingathandize kwambiri popempha makina enieni kuposa kalata yongodandaula.

Funso: Ana anga awiri mano awo ali ndi mawanga oyera ndi ofiirira ngakhale amatsuka tsiku lililonse. Ana ambiri m'mudzi mwathu ali choncho. Madzi athu ndi a pamjigo, oyera bwino, ndipo mayi awo amawiritsa. Chavuta n'chiyani? *Bambo wa ku Nathenje*

Yankho: Bambo, manowo akawaone a chipatala cha mano kuti atsimikize, koma mmene mwafotokozeramu, komanso poti ndinu a ku Nathenje, ndikuganizira fluoride. Kafukufuku wa akatswiri a kuno kwathu yemwe anatuluka mu 2007 anapeza kuti madzi a pansi pa nthaka m'malo ena a dera lanulo ali ndi fluoride wopitirira muyezo. Vuto lomweli linapezekanso m'madera ena a Machinga. Palibe amene anathira kanthu m'mjigo mwanu. Fluoride amasungunuka kuchokera m'miyala imene madzi amakhalamo zaka zambiri. Saoneka, sanunkha, samveka mkamwa. Wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake ali m'mankhwala otsukira mano, koma akachuluka pa nthawi imene mano akupangika m'kati mwa nkhama, kuyambira ukhanda mpaka zaka ngati 8, amasiya mawanga osachoka ndi mswachi. Anawo musawakalipire za kutsuka.

Mayi a kunyumba akuchita bwino kuwiritsa chifukwa cha tizilombo, koma fluoride sachoka ndi moto. Madzi akamaphwera ndi nthunzi iye amatsala mumphika, mwinanso kuchulukirapo pang'ono. Klorini samuchotsa, nsalu yosefera ndiye ayi.

Chofunika ndi kuyezetsa, ndipo apanso magetsi ndi amene amatithandiza. M'labotale timagwiritsa ntchito kandodo kamene kunsonga kwake kuli kamwala ka lanthanum fluoride, kamene Martin Frant ndi James Ross a ku America analengeza mu 1966. Kamwalako kamamva makamaka fluoride pakati pa zonse zosungunuka m'madzi, n'kutulutsa timphamvu ta magetsi tochepetsetsa. Tisanayeze madzi a munthu timayamba taviika kandodoko m'madzi omwe tikudziwa kale fluoride wake, a 0.1, a 1 ndi a 10. Fluoride akachuluka kakhumi, nambala ya timphamvuto iyenera kusuntha ndi ma millivolt pafupifupi 59. Ikasuntha ndi 45, tsiku limenelo sindiyeza madzi a munthu aliyense mpaka nditapeza chomwe chavuta. Timathiramonso mankhwala otchedwa TISAB, omasula fluoride amene wagwidwa ndi aluminiyamu kapena ayironi, apo ayi nambala imatuluka yochepa monama.

Pitani ku ofesi ya za madzi ya m'boma, kapena ku Central Water Laboratory ku Lilongwe komweko, mufunse za kuyezetsa. Ndi bwino komiti ya mjigo isonkhe, muyezetse mijigo ndi zitsime zonse za m'mudzi nthawi imodzi, chifukwa mijigo iwiri yoyandikana imatha kusiyana kwambiri. Popani kwa mphindi zingapo kaye, tsukuluzani botolo la pulasitiki katatu ndi madzi omwewo, dzazani, lembani dzina la mjigo ndi tsiku.

Zotsatira zikabwera musakhutire ndi mawu oti "madzi ali bwino". Funsani nambala. Muyezo wa WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, pomwe muyezo wathu wa madzi a m'mijigo ndi zitsime wa MS 733, wolembedwa mu 2005, unalola mpaka 6. Ndikumvetsa kuti kutseka mijigo yonse yodutsa 1.5 kungasiye midzi yambiri pa ludzu, komabe ine mwana wanga sindingamumwetse madzi a 4 ndikudziwa, ngakhale pepala litati adutsa mayeso.

Mukapeza mjigo wa fluoride wochepa, madzi akumwa ndi ophikira phala la ana azichokera kumeneko ngakhale kuli kotalikirapo. Wapafupiwo ukhale wochapira ndi kusamba, poti fluoride salowera pakhungu. Madzi a mvula a padenga la malata amathandizanso m'dzinja, bola muwathire klorini. Njira zochotsera fluoride zilipo: makala a mafupa owotchedwa mwaluso, omwe amagwiritsidwa ntchito ku Kenya ndi ku Ethiopia, komanso njira ya Nalgonda ya ku India yothira laimu ndi alum, mankhwala odikhitsa madzi. Akatswiri a ku Chancellor College anayesaponso bauxite, dothi lokhala ndi aluminiyamu, wa ku phiri la Mulanje. Zonsezi zimafuna munthu woyeza pafupipafupi chifukwa sefa ikakhuta imasiya kugwira ntchito mwakachetechete. Chimodzi chokha musachite: kuthawa mjigo n'kubwerera kumtsinje kapena ku chitsime chosatetezedwa. Mawanga a mano amatenga zaka, kolera amatha kupha tsiku limodzi.

Funso: Agogo anga amati njere za cham'mwamba zimayeretsa madzi a mumtsinje. Ndi zoona kapena n'zikhulupiriro chabe? *Mnyamata wa ku Nsanje*

Yankho: Agogo akunena zoona, achimwene, ndipo umboni wina waukulu pa nkhaniyi unapezeka kwathu konkuno. Tidothi timene timavundula madzi timakhala ndi mphamvu ya magetsi ya mayinasi, ndiye timakankhana, sitigwirana, n'chifukwa chake madzi a mu Shire amatha kukhala tsiku lonse m'ndowa osadikha bwino. M'njere za cham'mwamba muli mapuloteni a mphamvu ya pulasi. Amakoka tidothito, timaundana, timalemera n'kumira. A Water Board amachita zomwezo ndi mankhwala ogula kunja monga alum. Mu 1994 akatswiri a yunivesite ya Leicester ndi anzawo a ku Polytechnic anayendetsa malo oyeretsera madzi a ku Thyolo ndi njere zimenezi m'malo mwa alum, m'nyengo ya mvula. Madzi ankalowa ali ovunduka pa ma NTU 270 mpaka 380 (NTU ndi muyezo wa kuvunduka kwa madzi), n'kutuluka osafika pa 4, pomwe muyezo wovomerezeka ndi wosapitirira 5.

Kunyumba tengani njere zokhwima zouma, chotsani makoko, sinjani za m'katizo zisalale. Njere imodzi pa lita ndi poyambira pabwino ngati madzi avunduka kwambiri. Sungunulani ufawo m'kabotolo ka madzi oyera, khutchumulani, thirani m'ndowa kudzera pa kansalu. Takasani mwamphamvu kwa mphindi ngati ziwiri, kenako pang'onopang'ono kwa mphindi zina zisanu mpaka khumi, n'kusiya osagwedeza kwa ola limodzi. Tsanulirani a pamwambawo m'ndowa ina.

Apa ndi pamene ndimawonjezera pa mawu a agogo. Tizilombo tambiri timamira limodzi ndi matope, koma osati tonse, ndipo zotsalira za njerezo zimasanduka chakudya cha totsalato madzi akagona. Ndiye mukatsanula thirani klorini, dikirani mphindi 30, kapena wiritsani, ndipo mukonze okwana tsiku limenelo lokha. Komanso njerezi sizichotsa mchere umene umavuta m'mijigo ina ya kwanuko ku Nsanje ndi Chikwawa. Mchere ndi wosungunuka, sudikha, ndipo madzi a mjigo wotero mukawathira cham'mwamba adzakhalabe owawa monga analili.